Mlendo Wosasiya Kanthu M'lichero

Padangokhala, nthawi ija nyama zikadali ndi mafumu ndi nduna zawo, mitundu iwiri yosamwerana madzi, agologolo ndi anguluwe. Anguluwe ankafukula mtedza wa agologolo usanakhwime. Agologolo nawo, poti mphamvu analibe, ankathira chitedze m'matope momwe anguluwe ankasambamo. Ndewuyo inakhalitsa mpaka onse anaiwala amene anaiyamba. Chomwe ankadziwa n'chakuti kuno kuli njala, uko kuli kukanda.

Tsiku lina kunatera Dokowe, mbalame ya miyendo italiitali yozolowera maiko akutali. Anaitanitsa mafumu awiriwo, n'kuwauza kuti kutsidya kwa nyanja nyama zinasiya kalekale kumenyana, chifukwa zimatumizirana ana kuti akakhale m'nyumba za adani.

"Imeneyo ndiyo sukulu ya mtendere," anatero Dokowe. "Inu mutumize wanu, awa atumize wawo. Akakhale mpaka mvula yoyamba."

"Azikaphunzira chiyani?" inafunsa mfumu ya agologolo.

"Malamulo ndi awiri basi. Loyamba, mbewu sidyedwa, ngakhale njala iwawe chotani. Lachiwiri, musafunsane za miyambo, ndipo wina asayambe zoti kwathu timatere. Ine ndayenda, ndaona. Ndewu zonse zimayamba wina akafunsa mnzake kuti mumateroko chifukwa chiyani. Aliyense azingoona ndi maso, pakamwa atseke."

"Nanga tikapanda kumvetsa?" inatero mfumu ya anguluwe.

"Limenelonso ndi funso," anayankha Dokowe, akutambasula mapiko. Anati maiko ena akumudikira, nauluka.

Mafumu anagwedeza mitu ngati amva, koma sanamve kanthu. Komabe poti onse anali atatopa, wina ndi njala wina ndi kukanda, anachita zomwe anauzidwa. Anguluwe anatumiza Ndawala, mwana wa mlongo wake wa mfumu, amene amayembekezeka kudzalowa ufumu. Agologolo anatumiza Sekanawo, mwana mmodzi yekhayo wa Nangondo, msungi wa nkhokwe ya mfumu.

Nangondoyu anali wochenjera kwabasi. Ankatha kukulanda mtedza uli kale m'kamwa mwako, iwe n'kumuthokoza. Koma tsiku limene mwana wake ananyamuka, nzeru zonsezo sizinamuthandize, anangolira ngati mayi wina aliyense. Mfumu inamuitana.

"Mlendoyu azidya kwanu, poti nkhokwe musunga ndinu," inatero. "Mudziwe kuti mmene mumusungire ameneyu ndi mmene akasungire wanu."

Mawu amenewo anamukhala pamtima Nangondo. Anatsimikiza kuti Ndawala sadzagona ndi njala m'nyumba mwake, kuti Sekanawo naye asagone nayo kwa eni.

Tsono kwa agologolo kunali mwambo wodziwika kwambiri moti palibe ankaunena. Mlendo akakhuta amasiya pang'ono m'mbale. Mbale ikabwerera yopanda kanthu, ndiye kuti mlendo sanakhute, mwini nyumba ndi womana, ndipo ayenera kuonjezera mpaka mlendoyo asiye kanthu.

Nangondo anakazinga mtedza, nadzaza lichero, n'kukaika pamaso pa Ndawala. Mlendo anaomba m'manja, anadya, anamaliza, ananyambita lichero mpaka linachita kuwala.

"Zikomo, amayi," anatero.

Nangondo anachita manyazi, nathamanga kukadzazanso. Ndawala anayang'ana lichero, anayang'ana Nangondo, anausa moyo, n'kuyambanso kudya. Anamaliza. Nangondo anadzazanso. Zinapitirira choncho mpaka Ndawala anagwa tulo mphuno ili m'lichero lopanda kanthu, Nangondo naye manja atachita dzanzi ndi kukazinga. Mawa lake zinali zomwezo, mkuja wakenso zomwezo.

M'mawa uliwonse pokwera m'nkhokwe, Nangondo ankaimba kanyimbo kake. Kanali koitana Sekanawo ndi dzina, kumufunsa ngati wadya kumene aliko. Amayi osinja pamtondo ankavomereza kuti wadya, wadya ndithu, monga mmene wadyera mlendo kuno. Akamva kuvomerezako mtima wake unkakhala pansi. Koma tsiku ndi tsiku mawu ake ankamveka akuya m'nkhokwemo, chifukwa mtedza unkatsika, ndipo pansi penipeni panali mitsuko yomata yosungira mbewu.

Anapita kwa mfumu.

"Mfumu, nkhokwe ikutha. Posachedwa tifika pa mbewu."

"Mbewu sidyedwa," inatero mfumu.

"Ndiye ndimumane mlendo?"

"Mukamumana, akamana wanu."

"Ndiye nditani?"

Mfumu inakanda kumutu nthawi yaitali. "Ndikuganiza kuti limenelo ndi funso," inatero, n'kulowa m'nyumba.

Nangondo anaona kuti thandizo kulibe, nayamba zake zija. Anaganiza kuti sikofunika kumumana mlendo. Chofunika n'chakuti asiye yekha kanthu m'lichero, ngakhale kamtedza kamodzi, basi mwambo ukhala wakwanira. Anathyola tsabola wa kambuzi, uja amaliritsa ndi akuluakulu omwe, anamusinja, n'kupaka mtedza wonse. Anaimba kanyimbo kake, amayi anavomereza, iye n'kukapereka lichero.

Ndawala anatafuna kamodzi, makutu n'kuima. Misozi inayamba kutsika, mamina nawo osasiyidwa m'mbuyo. Anadya akulira, kupuma pang'ono, kudyanso, mpaka lichero linayera.

"Zakoma, amayi," anatero ndi mawu osasa.

Nangondo anaimirira. Anatenga lichero kukadzazanso, ndipo atacheuka anaona mlendo akulira kuposa poyamba. Anaganiza kuti ndi tsabola uja.

Mawa lake anatola timiyala ta kumtsinje, tofiirira, tofanana ndi mtedza, n'kutisakaniza m'lichero. Anati ngakhale wadyera chotani, mwala ndiye aulavula, ndipo miyala ikatsala ndiye kuti lichero silinathe. Anaimba, amayi anavomereza, iye n'kukapereka.

Ndawala analuma, dzino n'kulira. Anatulutsa kamwalako, anakayang'anitsitsa, anayang'ana Nangondo, kenaka anatseka maso n'kukameza. Anameza tonse, kamodzikamodzi. Ataimirira kuti akamwe madzi, m'mimba mwake munkalira ngati maseche, ana a agologolo n'kumamutsatira akuvina.

"Mtedza wa lero ndi wokhwima bwino, amayi," anatero.

Apa Nangondo mutu unaima. Anakhala pansi kuganiza ngati mlendoyu ndi nguluwe yeniyeni kapena dzenje lovala ubweya. Komabe sanagonje. Anakapempha ulimbo kwa otchera mbalame, anaupaka pansi pa lichero, namatapo mtedza pang'ono moti ngakhale iye mwini analephera kuuchotsa. Pamwamba anathirapo wina. Anaimba, koma tsiku limenelo ovomereza anali ochepa, chifukwa amayi ambiri analibenso chosinja.

Ndawala anadya wapamwamba. Atafika pa womatidwa uja ananyambita, anakanda ndi dzino, anakankha ndi mphuno, koma osatheka. Thukuta linamutuluka. Kenaka anagwira lichero ndi miyendo yakutsogolo, n'kuyamba kulidya kuchokera m'mphepete. Analidya lonse, nsungwi ndi ulimbo womwe.

"Pepani amayi, ndachedwa," anatero. "M'mphepetemu munali molimba."

Tsiku lotsatira Nangondo anatsika m'nkhokwe, phazi lake n'kuponda pa mtsuko. Mtedza wakudya unali utatheratu. Anakhala pamenepo mutu uli m'manja. Akamatula mtsuko, chaka chamawa agologolo adzadzala chiyani? Akapanda kumatula, mlendo agona ndi njala, mbiri ikafika kwa anguluwe, ndipo Sekanawo ali m'manja mwawo. Kunja anyamata anali atayamba kale kunong'onezana zokathyola chitedze. Ankati sukulu ya mtendereyi ndi nkhondo yomweyo, kungoti tsopano mdani akudyera m'nyumba atakhala pamphasa.

Anamatula mtsuko umodzi. Anakazinga mbewuyo, anabwereka lichero kwa mnzake, nanyamuka. Atayandikira, anaona chinthu chomwe chinamusokoneza kuposa zonse. Ndawala atangoona lichero likubwera, anadzuka mwakachetechete n'kukabisala kuseri kwa nyumba. Koma nguluwe kubisala kuseri kwa nyumba ya gologolo n'kungodzivuta, thupi lonse linkaonekera mbali zonse ziwiri.

Nangondo anaima. Wadyera amathawa chakudya? Ngati sakuchifuna, amamalizirenji? Ngati akuchifuna, akubisaliranji? Funsolo linafika pamlomo, koma analimeza pokumbukira lamulo. Anabwerera ndi lichero lake, anakhala pansi, ndipo pamenepo nzeru yeniyeni inamufikira. Dokowe analetsa kufunsa ndi kufotokoza, koma sanaletse kuchezerana.

Anaitana Ndawala, namulozera chisakasa chachikulu chomwe ankagonamo.

"A Ndawala, mwakhalitsa pakati pathu. Kuyambira lero nyumba iyi ndi yanuyanu. Mtedza uwu ndi wanu, mbale izi ndi zanu. Mwini nyumba ndinu."

"Ineyo, amayi?"

"Inuyo." Nangondo anatuluka panja, anatembenuka, n'kuomba m'manja pakhomo. "Odi kuno. Ndabwera kudzacheza."

Ndawala anasangalala ngati wamasulidwa chingwe. Anayala mphasa, anadzaza mbale, napereka atagwada. Nangondo anadya mwaulemu, n'kusiya pang'ono m'mphepete mwa mbale monga achitira aliyense woleredwa bwino. Anakankha mbale, maso ali pa mwini nyumba.

Nkhope ya Ndawala inagwa. Anayang'ana zotsalazo ngati waona maliro.

"Pepani amayi, ndachulutsa. Ndikhululukireni."

Anachotsa mbale msangamsanga, osaonjezera. Nangondo anatsanzika, anazungulira nyumba, n'kubweranso.

"Odi kuno. Ndabweranso."

Ulendo uno mbale inabwera ndi theka la poyamba. Nangondo anadya, nasiya pang'ono. Ndawala anachotsanso mbale msangamsanga.

"Ndachulutsanso. Pepani, amayi, sindinazolowere kulandira alendo."

Nangondo anazunguliranso nyumba. Atalowa kachitatu, Ndawala anabwera ndi timtedza towerengeka m'chigoba cha nkhono, atachigwira ndi mantha. Nangondo anayang'ana uku ndi uku ngati pali gologolo wina akuona, analimba mtima, nadya tonse. Ananyambita ndi chigoba chomwe, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

Ndawala anaomba m'manja, nkhope ili mwee. Anatenga chigoba, anachitsuka, anachiika pamalo pake, n'kudzakhala pansi mtima uli m'malo. Sanaonjezere kanthu.

Nangondo anaseka mpaka kugwa chagada. Zonse zinaoneka poyera tsopano. Kwa anguluwe, mlendo waulemu amamaliza zonse, ndipo akamaliza chakudya chatha. Mwana wa eni ake uyu wakhala akumeza tsabola, miyala ndi lichero pofuna kusunga ulemu, iye naye n'kumakhuthula nkhokwe pofuna kusunga ulemu womwewo. Mbewu yotsala yapulumuka, ndipo waipulumutsa osafunsa funso ndi limodzi lomwe. Anatuluka akuvina kuti akauze mfumu, ndipo mwachizolowezi anayamba kanyimbo kake kaja, kuitana Sekanawo, kumufunsa ngati wadya kumene aliko.

Nyimboyo anaidukiza pakati. Sekanawo anamulera yekha, ndipo pa ana onse a agologolo panalibe waulemu pa mbale kuposa iye.

Anabwerera m'chisakasa.

"A Ndawala, kwanu mlendo akamangosiya chakudya tsiku ndi tsiku, mumatani?"

Ndawala anadzidzimuka. "Amayi, limenelo ndi funso."

"Ndi funso, inde. Ndiyankheni."

Ndawala anayang'ana kumwamba ngati Dokowe angatere nthawi yomweyo. Kumwamba kunalibe kanthu.

"Timachepetsa," anatero motsitsa mawu. "Akasiyanso, timachepetsanso, mpaka tipeze muyeso umene angamalize. Kumuunjikira mlendo chakudya choti sangathe ndi kumuzunza."

"Monga ndakuzunzirani ine."

"Ndimayesa ndi chilango, amayi, cha mtedza uja tinkafukula. Ndinati ndipirire, mtendere usaonongeke chifukwa cha ine." Kenaka naye anafunsa. "Kodi inu mumaonjezeranji?"

"Kwathu mlendo akakhuta amasiya pang'ono. Sangamalize, ngakhale njala itamupweteka."

"Ngakhale atapatsidwa kochepa chotani?"

"Ngakhale kochepa chotani."

Anayang'anana. Ndawala anagwada pansi. "Kwerani pamsana, amayi. Gwirani makutu zolimba."

Anathamanga, miyala ikulira m'mimba njira yonse. Nangondo sanaseke. Ankawerengera mumtima mmene mbale ingachepere ikamadulidwa pakati tsiku lililonse, ndipo mantha anamugwira mpaka m'mafupa.

Anapeza anguluwe onse atasonkhana pabwalo, ali chete ngati pasiwa. Mfumu yawo, malume ake a Ndawala, inali itakhala pakati maso atafiira.

"Mayi, mwabwera bwino," inatero. "Mwana wanu watigonjetsa. Tinayamba ndi dengu la mbatata, anasiya. Tinachepetsa, anasiya. Akazi anga sakugona, akuti kaya tikuphika moipa, kaya mwanayu akutinyoza, kaya akudwala. Kumufunsa sitingathe. Lero tayesa kotsiriza, kupitirira apa sitidziwa chodula."

Anguluwe anapatuka. Sekanawo anali atakhala pamphasa mwaulemu wake wonse, koma anali atatha. Nthiti zinkawerengeka, ubweya wa kumchira utathothoka. Pamaso pake panali tsamba, patsambapo kachidutswa ka mbatata kochepa ngati chikhadabo. Anali akukaluma pakati mosamala kuti theka litsale.

"Sekanawo," anatero Nangondo. "Maliza."

Mwanayo anakweza maso. Anafuna kudzuka koma miyendo inakana. "Amayi, eni ake akuona."

"Aone. Kuno ulemu ndi kumaliza. Idya konse."

Sekanawo anayang'ana mayi ake ngati apenga. Dzanja linkapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Pomaliza anatola kotsalako, nakameza akulira ndi manyazi.

Bwalo lonse linaphulika ndi nthungululu. Akazi a mfumu anakumbatirana. "Taupeza muyeso wake," ankauzana. "Ndi umenewu. Mawa timupatse chimodzimodzi." Mmodzi anabwera n'kuchotsa tsamba lija mokondwa.

Nangondo anazizidwa. Anafufuza m'mutu mwake tsabola wina, mwala wina, ulimbo wina, koma munalibe kanthu. Nzeru zimene zinapulumutsa mbewu sizikanatha kuika chakudya pamaso pa mwana wake. Anatembenukira kwa Ndawala.

"Kwanu mlendo akamaliza koma osakhuta, amatani?"

"Amangonena, amayi."

"Kunena? Ndi pakamwa?"

"Nanga n'kunena ndi chiyani?"

Kwa gologolo, kupempha chakudya kwa eni n'chimodzimodzi kuvula pamsika. Nangondo anadziwa kuti mwana wake angafe asanayambe yekha mawu amenewo. Anakwawa mpaka pamapazi pa mfumu ya anguluwe.

"Mfumu, ndaphwanya kale lamulo la Dokowe, ndipo thambo silinagwe. Liphwanyeni nanunso. Mufunseni mwanayu ngati wakhuta."

Mfumu inayang'ana nduna zake, nduna zinayang'ana kumwamba. Kenaka inadzuka, inayandikira mphasa, inaweramitsa mutu wake waukuluwo mpaka kufanana ndi kamutu ka Sekanawo.

"Mwana iwe," inatero mwamantha, "wakhuta?"

Sekanawo anayang'ana mayi ake. Nangondo anagwedeza mutu, misozi ili mbwembwembwe. Mwanayo anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka aang'ono kwambiri moti anguluwe anachita kutchera makutu.

"Ayi. Chibwerereni kuno sindinakhutepo."

Mfumu inakhala pansi mwadzidzidzi ngati yamenyedwa chibonga. Mkazi wake wamkulu, amene ankadula mbatata ija tsiku ndi tsiku ndi manja ake, anabisa nkhope n'kuyamba kulira mokweza. Ena onse anabalalika kuthamangira kumaphikiro, akugundana, akugwetsana. Anabwera ndi mbatata, chinangwa, maungu, mulu wotalika kuposa mlendoyo.

Sekanawo anadya pang'onopang'ono, mayi ake atamugwira kumsana kuti asagwe. Atakhuta, dzanja lake linachita zomwe linazolowera, linasiya kachidutswa m'mphepete mwa tsamba. Anguluwe anaumanso thupi. Koma mfumu inasendera pafupi, n'kuloza kachidutswako.

"Nanga aka wakasiyiranji?"

"Kuti mudziwe kuti mwandisunga bwino," anatero Sekanawo.

Mkazi wamkulu uja anapukuta misozi, anatola kachidutswako ndi manja awiri, ndipo sanalole wina aliyense kukakhudza.

Yanga ija yathera pano. Amene sanamvetse afunse.